Jekete Lodikira Mlendo

Loweruka, 9 Januwale 2021, kwathu ku Kande

Mwana wamwamuna. Wabadwa dzulo m'mawa. Jessie, mkazi wa mwana wanga Dumisani, ali bwino ngakhale anavutika. Lero tabwera nawo kunyumba mvula ili pamsana. Onse awiri tawalowetsa m'kanyumba ka Dumisani kuseri kwa mango. Chikuta chayamba. Mwamuna asaponde pakhomo mpaka mchombo utagwa.

Dumisani waimba foni ali ku Joni. Kulira ngati wabereka ndi iyeyo.

Koma amene wapenga ndi agogo ake. Amuna anga a Longwe, mkulu wa mpingo wathunthu, akungozungulira bwalo ngati nkhuku yofuna kuikira. Mdzukulu woyamba. Pabanja pano mwana woyamba amamutcha dzina ndi agogo ake aamuna, atamunyamula m'manja tsiku lotuluka m'chikuta. Dzina akuti analipeza kale. Ndawanyengerera ndi tiyi wamkaka kuti andinong'oneze, akana. "Anyangozo, dzina si nkhani ya pachitsime."

Atulutsa jekete lawo lotuwa lija, limene anagula ku Bulawayo ndisanawadziwe. Akulisita ndi simbi yamakala, chikhalirecho mwana kudakali sabata kuti atuluke. Atonga ndi zovala. Chibwerere kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ku esiteti ya raba ndili mtsikana, mpaka lero sindinazolowere. Munthu angagone ndi njala bola kolala ili chilili. Jekete limenelo ngakhale Dumisani ali khanda sanalikhudzepo. Ndawaseka kuti nanga mlendoyo akakunyowetsani? Iwo, nkhope ili gwa: "Ameneyo yekha ndamupatsa chilolezo."

Akutsokomola pang'ono. Akuti ndi utsi wa makala.

Lachiwiri, 12 Januwale

Thupi latentha. Dzulo sanapite kumunda wa chinangwa, chinthu chosachitika. Ndakazinga usipa ndi anyezi, alawa, akuti ndaiwala mchere. Mchere umene ndinathirawo ine mpaka kumwera madzi. Ndawanunkhitsa sopo, sakumva kanthu. Wailesi ikunena za matenda a zizindikiro zomwezi m'mawa ndi masana. Mtima wanga uli m'mwamba.

Ndi maliro aja a ku Tukombo sabata yatha, ndikudziwa. Ndinawasokera masiki ya chitenje, yabwino, ya nsalu ziwiri. Iwo anaipinda n'kuiika m'thumba la pachifuwa ngati kampango kokongoletsa. Kenako moni wa padzanja kwa mudzi wonse, mmodzimmodzi. Nditadandaula anati, "Chigongono n'chotsamira, si chopatsira moni." Pakamwa pokoma. Lero pakamwa pomwepo sipakumva mchere.

Ndawasamutsira ku chipinda chakumapeto, chija cha zenera loyang'ana pabwalo. Mbale yawo, kapu yawo, ndowa yawo. Ine kwa Jessie sindinapondeko chiyambire Lamulungu. Ndatumiza mawu kwa Eunice, mlongo wawo wa a Longwe, kuti adzakhale ndi mayi ndi mwana. Wabwera ndi mkeka wake ndi pakamwa pake.

Lachinayi, 14 Januwale

Ndi Korona. Edson, mlangizi wa zaumoyo, anabwera dzulo ndi namwino kudzatitokosa m'mphuno, lero wabwera ndi yankho. Ine akuti sanandipeze nako kachilomboko, koma ndikhale ngati ndili nako popeza ndine wosamalira. Wanena ataima patali, chipewa chili m'manja ngati wadzapepesa maliro. Sindinakonde zimenezo.

Za mwana wanenetsa. Khanda la masiku owerengeka, mayi ake anataya magazi ambiri. Wodwala asayandikire, inenso ndisayandikire.

Ndamasula chingwe choyanikapo zovala, ndamanga kuchokera pa mango mpaka pa nsanamira ya khitchini. Tsidya ilo Jessie, mwana ndi Eunice. Tsidya lino ine ndi a Longwe. Supuni yokha isadutse. Eunice wandiyang'ana pansi mpaka kumwamba, akuti, "Alamu, ndiye tasanduka mbuzi?" Ndati inde, mbuzi zamoyo.

Zikuta ziwiri pabwalo limodzi. A Longwe aseka nditanena zimenezo, kuseka kwathera m'chifuwa.

Mandimu akwera mtengo ku Kande ngati ndi golide. Jinja kulibe. Sopo watsala theka. Ndawafukiza ndi masamba a bulugamu, atuluka thukuta, akuti apepukidwa. Kaya akungondisangalatsa.

Lamulungu, 17 Januwale

Mchombo wagwa m'mawa. Eunice waimba nthungululu osaganiza n'komwe, ndipo a Longwe amva.

Ndinali kuseri kutsuka ndowa. Pobwera ndawapeza ali pabwalo. Jekete, tayi, nsapato zopukuta. Masiki avala, lero lokha. Akuyenda atagwira khoma, kulunjika pa chingwe. Eunice tsidya lija waima pakhomo, kamtolo kali m'manja.

Ndathamanga, ndaima pakati pa iwo ndi chingwe. Ndati simudutsa.

"Anyangozo, patukani. Mwana ndi wa kwa Longwe."

Ndati wa kwa Longwe yemweyo ndi amene ndikumuteteza. Ndati dikirani muchire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndati mwana sathawa. Zonse zimene munthu amanena.

Eunice wayamba Chitonga chothamanga chija amayankhula akafuna kuti ndisamve. Ndamva chonse. Akuti mkazi wobwera walamula mudzi, akuti kwawo ku Ntcheu mwina agogo alibe ntchito. Ndamuyankha m'Chichewa chozizira kuti akadutsitsa mwanayo pa chingwe, amene akafotokozere Dumisani ndi iyeyo. Wabwerera m'nyumba. Jessie sanatuluke, koma ndamumva akulira.

A Longwe atembenuka okha, akana dzanja langa. Avula jekete, alikoleka pa msomali, agona chafufumimba kuyang'ana kukhoma. Phala akana.

Chikwatirane sindinawaimepo kutsogolo pa anthu. Kukangana kwathu kunali kwa kuchipinda. Lero ndawachititsa manyazi pamaso pa mlongo wawo, atavala tayi. Zandipweteka kwambiri. Komabe chingwe chili pomwepo.

Lachiwiri, 19 Januwale

Ndinayesa nzeru ina. Ndinawakhazika pa mpando pazenera, Jessie anaima pansi pa mango n'kukweza mwana m'mwamba, kumufundukula kumaso. Dzuwa linalipo pang'ono. Ine kumbali, "Mukumuona? Mphumi ndi yanu yomwe, makutu a Dumisani."

Koma maso awo ali ndi ng'ala. Ayesa kutsinzinira, apukuta magalasi, ayesanso.

"Ndangoona chitenje."

Jessie anafuula moni, "Mwayuka uli, ada?" Iwo anakweza dzanja, mawu osatuluka bwino. Ndinati tchulani dzinalo muli pomwepa, mwana amva, tonse timva, kunyamula mudzanyamula mukachira. Anapukusa mutu. "Dzina sitiponya ngati chimanga cha nkhuku. Ndidzamuuza m'khutu mwake."

Liuma. Munthu akubanika pofuna kungofika pa ndowa, koma liuma lili lonse. Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa bafa kuti asandione.

M'mawa uliwonse funso ndi limodzi, ndisanawapatse ndi madzi omwe. Mlendo wagona bwanji? Akuyamwa? Ndimafunsa kwa Jessie mofuula pa chingwe, n'kubweretsa yankho ngati mtengatenga.

Lachinayi, 21 Januwale

Mvula tsiku lonse. Denga la khitchini likudontha pamene pali nkhuni.

Chifuwa chikulira ngati munthu akucheka thabwa. Milomo yada. Edson akuti mawa akapanda kusintha tipite nawo kuchipatala, ayesa kupeza galimoto.

Masana anandigwira dzanja. Sananditchule Anyangozo. Anati Olive, monga kale ku esiteti pamene ankandidikira pa msewu atanyamula ambulera wopanda mvula.

"Olive, ndakupempha. Kamphindi kokha. Umukulunge bwino, ine ndivala masiki awiri, ndigwira mpweya osapuma. Ndingomva kulemera kwake."

Ndinati ayi.

Anati, "Ukudziwa kuti sindidzuka pano."

Ndinati musayankhule zopusa, mudzuka, mudzamunyamula mpaka msana kuwawa. Ndinanena mokalipa. Ndikadapanda kukalipa ndikadavomera.

Eunice anamva, zenera linali lotsekula. Anabwera pa chingwe mvula ikumunyowetsa, ulendo uno osanyoza. Akuti, "Alamu, chonde. Mulungu aliko, mwana sangatenge kanthu pa kamphindi." Ndinamufunsa ngati angalumbire zimenezo atagwira mwanayo. Sanalumbire. Nanenso sindingalumbire kuti akadatenga. Palibe akudziwa, ndiye vuto lake. Ndingokhala ine woipa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

A Longwe sanandiyankhulenso mpaka madzulo. Pomwa mankhwala anangoti yewo, zikomo wa Chitonga, ngati kwa mlendo.

Loweruka, 23 Januwale

Tapita nawo. Galimoto inabwera dzulo masana, anyamata awiri ovala zoyera mpaka kumapazi. Anthu a m'mudzi kuonerera ali patali, ena atatseka pamphuno ndi nsalu.

Powatulutsa anadutsa nawo pafupi ndi mango. Anatembenuza mutu kuyang'ana kanyumba kaja. Mwana ankalira m'katimo. Anati, "Mawu ali nawo." Anamwetulira.

Ndinafuna kutenga jekete. Akuti lisiye, kuchipatala lingade. "Lisiye pa msomali pomwepo, usalipinde. Ndidzalifuna."

Kuchipatala odwala matendawa ali kwaokha. Wodikirira saloledwa kulowa. Ndinasiya phala ndi bulangeti pakhomo, ndinalemba dzina lawo pa chivindikiro. Namwino wina wachifundo anandiuza kuti awaika pa mpweya. Anamwinowo atopa, maso ali psuu. Ndabwerera pa kabaza, wakabaza atafunsa kawiri ngati sindikudwala.

Nyumba ili zii. Ndatsuka chipinda chonse ndi kolorini. Jekete sindinaligwire.

Lachitatu, 27 Januwale

Anapita Lolemba m'mawa. Okha. Taika dzulo.

Sindinawasambitse. Sindinawatseke maso. Sindinawaone n'komwe. Bokosi linabwera lokhomera kale, m'kati akuti ali m'thumba la pulasitiki. A Killion Longwe, munthu amene sankapita ngakhale kogula machesi asanapese tsitsi, apita m'thumba ngati feteleza. Ndinapempha kuti aike jekete m'bokosi, akuti silitsegulidwa. Ndinaganiza zoliponya m'dzenje pamwamba pa bokosi, koma mawu aja anandigwira. Usalipinde. Ndalisiya pa msomali.

Anatsitsa ndi anthu ovala zoyera aja. Abusa anawerenga ali patali, mwachangu. Sumu imodzi yokha, yoimbira m'masiki. Anthu ochepa, oimirira motalikirana ngati mbewu za chinangwa. Munthu amene anayenda maliro a dera lonse lino, kuchokera ku Tukombo mpaka ku Mpamba, kupereka moni kwa aliyense. Ake atha ngati tikubisa chinthu chakuba.

Ine ndinaima ndekha. Palibe anandigwira phewa, ndipo sindikuwada, ndine ndinawauza kuti asayandikire. Amayi a Umanyano a kumpingo kwathu anasiya nkhuni ndi ufa pamsewu. Siwa kunalibe. M'nyumba ya maliro ndagona ndekha pamkeka.

Dumisani anaonera pa foni ya Edson. Netiweki inkaduladula. Ankangoti, "Amama, sindikuona, sindikuona."

Pobwera kumanda Eunice anati, osandiyang'ana, "Matenda anangomaliza. Mtima unasweka kale tsiku la chingwe."

Loweruka, 30 Januwale

Edson akuti ndikhalebe tsidya lino mpaka masabata awiri akwane chiwasiyireni kuchipatala. Chabwino. Ndazolowera.

Sindikutsokomola. Mchere ndikuumva. Ndimadzuka n'kununkhiza sopo ngati wamisala, fungo lilipo. Ena angathokoze. Ine ndimakwiya kuti chifukwa chiyani ine ayi.

Mwana akulira kwambiri masiku ano. Eunice akuuza anthu odutsa pamsewu kuti mwana wopanda dzina sagona, akufuna amene anayenera kumutcha. Jessie akuti ndi m'mimba chabe. Ku sikelo anafunsa dzina, Jessie anati tidikire. Akungomutcha Mlendo.

Ndimafufuza m'mutu mwanga, kapena tsiku lina anatchulapo dzina, posita paja, kapena m'tulo. Palibe. Munthu uja ankasunga chinsinsi ngati mtsuko wokwirira. Apita nalo.

Lachiwiri, 2 Febuluwale

Kamphindi kokha. Ndi mawu amenewa amene akundidya. Ndikulima, kamphindi kokha. Ndikutunga madzi, kamphindi kokha. Mwina mwana sakadatenga kanthu. Ana ambiri akuti sakudwala. Mwina akadamunyamula, mtima ukadalimba, akadadya phala lija. Mwinanso lero tikadakhala ndi manda awiri kapena atatu, Dumisani n'kumandifunsa kuti amama munali kuti. Ndimatembenuza uku ndi uku, sizipsa.

Jessie anabwera pa chingwe m'mawa, mwana ali kumsana. Wanenepa masaya. Akuti, "Amama, ine ndinkaopa kunena pamaso pa adada ndi ankhazi a Eunice. Koma mukadalola, ndikadathawa naye kuzenera." Ndinati bwanji sunanene tsiku lija, unandisiya ndekha. Anati pepani. Ndi mwana, ndingamutani.

Zandithandiza pang'ono. Pang'ono pokha. Ndikudziwa kuti ndinachita zoyenera, ndipo ndikadachitanso. Koma munthu wanga anandipempha chinthu chimodzi chomaliza, ananditchula Olive, ine n'kumukalipira. Zoyenerazo sizindifunditsa.

Ndawasowa. Ngakhale liuma lawolo ndalisowa.

Lachisanu, 5 Febuluwale

Ndatsitsa jekete pa msomali. Ndinayamba ndaika nkhope m'kati mwake. Mafuta awo a m'tsitsi, utsi wa makala, thukuta la Lamulungu lija. Anali momwemo, onse. Ndinakhala pansi nalo mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Ndaganiza chochita nalo Lolemba, ndipo sindingalifikitse kwa mwana lili chonchi. Analivala akudwala, anatsokomoleramo. Edson akuti papita masiku, kachilombo sikangakhalemo, koma kuchapa sikulakwa. Ndakana munthu wamoyo chifukwa cha mwana ameneyu, sindingachite ulesi pa nsalu.

Madzi otentha, sopo, kawiri. Akadandiona akadakomoka, jekete lija silinalowepo m'beseni chiligulireni, ankangolipukuta ndi burashi. Madzi anatuluka akuda. Ndaliyanika padzuwa pa udzu, popeza chingwe chili pa ntchito ina.

Lauma. Ndanunkhiza paliponse, m'khwapa, m'kolala, m'matumba. Sopo yekhayekha. Ndawachapa ndekha ndi manja angawa, atha.

M'thumba la pachifuwa munali masiki ija ya chitenje, yopinda bwinobwino.

Loweruka, 6 Febuluwale

Ndalisita. Ndinapsereza pang'ono m'kati mwa mkono wakumanzere. Mundikhululukire, a Longwe, simbi yanu ndi yolemera.

Eunice anandiona ndikusita pakhonde. Anabwera pa chingwe. Kenako anati, "Kolala amayambira kunsi." Ndi mawu oyamba chichokereni kumanda. Ndinatembenuza kolala, ndinayambira kunsi.

Lolemba, 8 Febuluwale

Edson anabwera m'mawa, akuti ndamasuka. Chingwe ndamasula ndekha. Mfundo ya pa mango inalimba ndi mvula, ndinachita kudula ndi mpeni.

Ndinasamba, ndinasamba m'manja kachiwiri, masiki kumaso. Kenako ndinavala jekete pamwamba pa chilundu. Mapewa akulendewera, manja a jekete kupitirira zala zanga. Ndinkaoneka ngati choopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Palibe anaseka. Eunice atandiona anagwira pakamwa, n'kukhala pansi pomwepo pa dothi.

Sindinapinde mikono ya jekete. Ndinafuna kuti nsaluyo ndi imene iyambe kumukhudza, ine pambuyo. Jessie anamuika pamenepo.

Ndi wolemera, a Longwe. Mumafuna kumva kulemera kwake. Ndi wolemera ngati chinangwa chonyowa, wofunda, mphumi ndi yanu ndithu, sindinakunamizeni. Ndinawerama kukhutu kwake monga munkafunira. Dzina ndinalibe. Ndinangomuuza kuti awa ndi agogo ako, anakusitira jekete usanatuluke, anakufuna mpaka tsiku lomaliza, amene anawaletsa ndine.

Eunice akuti atchedwe Killion, Dumisani wavomera pa foni. Mwina. Pakamwa panga sipanakonzeke kuitana dzina limenelo pabwalo pano n'kuona wina akutembenuka.

Ndinakhala naye pa mpando wawo pansi pa mango. Anandiyang'ana, anakwinya nkhope ngati mkulu wa mpingo akumva mlandu. Kenako ndinamva kufunda pamkono, kutsikira m'thumba, mpaka pa chilundu. Thewera linali litasunthira kumbali. Jessie anadzidzimuka, "Mayo, jekete la adada!" n'kuthamangira kudzamutenga.

Ndinati musiye. Ali ndi chilolezo.

Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka china, Eunice anabwera kudzandigwira phewa, tonse atatu tinalira maliro amene sitinalire kumanda, mwana ali phee pakati pathu.

Jekete ndalibweza pa msomali. Bangalo likuoneka, lalikulu, kumanzere. Ili lokha sindichapa.